Dzina langa ndi Dorika, ndipo silisintha

Anzanga, ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina loti "Agogo". Linayamba tili Fomu 1, tsiku loyamba aphunzitsi akuitana mayina. Atangoti "Dorika", mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Eee, agogo abwereranso kusukulu!" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mpaka lero ndikamafika m'mawa, fumbi lili mbuu kumapazi, ena amati, "Amayi a Dorika, tayambitsani nyimbo."

Ndisaname, zinkandiwawa. Chaka chino titamva zolembetsa mayeso a JCE, ndinaganiza zopempha aphunzitsi kuti ku MANEB atumize dzina loti Doreen. Ndinawauza amayi madzulo ena tikutong'ola chimanga. Sanakalipe ayi. Anangoloza mtsuko umene timasungiramo madzi akumwa n'kundifunsa kuti, "Kodi ukudziwa anaumba uwu ndani?"

Anaumba ndi agogo anga, amayi awo a amayi, ndipo Dorika ndi dzina lawo. Usiku umene ndinabadwa kunkagwa mvula, abambo ali kutali kuganyu. Agogo ndiwo anagogoda khomo ndi khomo mpaka anapeza ngolo yotengera amayi kuchipatala. Titatuluka m'chikuta, abambo anati mwanayu amutche dzina ndi agogo ake, iwo n'kundipatsa lawo lomwe. Anamwalira ndili Sitandade 3. Chimene anandisiyira ndi mtsukowo ndi dzinali, basi. Ndiye ndilitaye chifukwa cha kuseka kwa anthu amene sanawaonepo n'komwe?

Dzinali lilinso ndi mbiri yake. Pa Machitidwe 9 pali mayi wa ku Yopa wotchedwa Tabita, amene m'Chigiriki ankamutcha Dorika, kutanthauza kanyama kaliwiro kofanana ndi mbawala. Ankasoka zovala ndi kuthandiza osauka. Atamwalira, akazi amasiye anamuonetsa Petro zovala zimene anasoka, akulira. N'chifukwa chake gulu la amayi a mpingo wa Seventh-day Adventist limatchedwa Dorika. Choncho mukamanditi "Amayi a Dorika" mukuganiza kuti mukunditukwana, koma mukunditchula pamodzi ndi anthu othandiza anzawo.

Maganizo anga ndi akuti kukalamba kwa dzina si chifukwa cholisekera. Dzina lililonse limakalamba pamodzi ndi eni ake. Enelesi, Felesiya ndi Esitere analinso atsikana ngati ife, ndipo pa nthawi yawo mayinawa ndiwo anali amakono. Lero tikutengera mayina kwa oimba ndi m'mafilimu. Palibe cholakwika, koma dikirani zaka 60 zidutse. Kudzakhala agogo Shakira ndi agogo Princess akuwotha dzuwa pakhonde, adzukulu awo akuseka kuti mayina achikale. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anena kuti, "Nanga munthu alibe ufulu wosintha dzina?" Ali nawo. Pali mayina monga Mavuto kapena Maliro amene makolo anapereka ali pachisoni, ndipo mwini wake akaona kuti likumulemera, ine sindingamuweruze. Koma kusintha chifukwa dzina likukupweteka wekha n'kosiyana ndi kusintha chifukwa anzako akuseka. Akamaliza kuseka dzina adzaseka nsapato, kenako mbatata imene watenga ya pabuleki. Udzasintha zingati?

Chandichititsa kulemba n'chakuti ku Fomu 1 kuli mtsikana amene akamaitanidwa dzina amayankha chapansipansi ngati waba. Sindimutchula, koma iwe ukudzidziwa. Tafunsa kunyumba kuti anakutcha ndani komanso chifukwa chiyani. Mwina ukamva nkhani imene sunaimvepo. Inunso oseka, takafunsani za anu. Enanu simudziwa n'komwe tanthauzo lake, eti?

Ine ndalembetsa mayeso ndi dzina lomweli. Agogo sanaphunzire kulemba, pakafunika kusaina ankadinda chala. Ndikufuna dzina lawo lidzalembedwe pa setifiketi, ndidzakaliwerenge mokweza kunyumba amayi akumva. Zoti "Agogo" pitirizani ngati mukufuna, ndiziyankha ndithu.

Dorika, Fomu 2