Kalata kwa Nduna yoona za mphamvu: ndowe zikuwolera m'makola, nkhalango zikutha

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka kuno ku Thyolo. Ndalemba kalata yoti aliyense awerenge chifukwa nkhaniyi yakhalitsa m'misonkhano ya m'mahotela osafika kukhola. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala chaka chilichonse, koma pamsewu wa Zalewa njinga za makala zikutsikirabe ku Blantyre usiku ndi usana. Kuseri kwa makola athu ku Bvumbwe, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje kuli milu ya ndowe imene ikanaphikira mabanja ambiri mwa amene akugula makalawo. Mvula ikungoikokolera kumtsinje.

Za bayogasi sindikuphunzitsani, muli ndi akatswiri. Ng'ombe imodzi yodyera m'khola imatulutsa ndowe zoposa makilogalamu 15 patsiku. Tikazisakaniza ndi madzi muyezo wofanana n'kuzithira m'thanki yotsekeka bwino, zimawola n'kutulutsa gasi woyaka moto wabuluu, wopanda utsi. Ng'ombe ziwiri kapena zitatu zimakwanira kuphikira banja. Zotsalira zotuluka m'thankimo ndi manyowa abwino kuposa ndowe zouma padzuwa. Zonsezi zakhala zikudziwika kalekale.

Chimene chandilembetsa ndi mapepala, bwana. Mu 2015 boma linatumiza asilikali ku nkhalango ya Dzalanyama kukathamangitsa ootcha makala. Mu 2017 munatulutsa ndondomeko ya dziko yokhudza makala, ya zaka khumi, mpaka 2027, ndipo munalembamo nokha kuti mabanja oposa 97 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Chaka chomwecho kunatuluka ina ya mphamvu zongowonjezereka. Mu 2018 kunabwera mfundo zatsopano za dziko zokhudza mphamvu, komanso kalembera amene anapeza kuti nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM ndi pafupifupi 11 zokha mwa 100. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, zilango zinakwera, anthu anayamba kulandidwa njinga ndi magalimoto. Mu Januwale 2021 tinalandira masomphenya a Malawi 2063. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka ngakhale a m'tauni okhala ndi makuka anabwerera pambaula. 2027 ija ili pakhomo. Ndiuzeni, mwa mapepala onsewa, ndi liti limene linasanduka mmisiri mmodzi wokonza thanki ya bayogasi pa Bvumbwe? Ndi liti linasanduka ngongole yoti mlimi amangire thanki? Mayi amene mwamulanda thumba la makala pa rodibuloko mwamupatsa chiyani choti aphikire madzulo ake?

Kuno bungwe lina linamangira alimi angapo matanki. Tsiku lotsegulira kunali magule ndi zolankhula, ndipo moto unayakadi. Patapita miyezi, madzi anadikha m'paipi, gasi anasiya kufika kukhitchini. Kwa ena chitofu chinadyeka ndi dzimbiri chifukwa gasiyu amabwera ndi mpweya wa sulufule umene umafunika kusefedwa. Awa ndi mavuto a tsiku limodzi kwa munthu wodziwa ntchito. Koma amisiri anali ochokera kutali, polojekiti inatha, foni zinasiya kuyankhidwa, ndipo m'sitolo za pa boma simupezeka ngakhale kavalavu. Lero matanki ena ndi mosungira madzi a mvula. Choipa kwambiri n'chakuti mudzi wonse unaphunzirapo kuti bayogasi ndi bodza la mabungwe, ndipo amene angabwere mawa ndi thanki yabwino adzayamba kulimbana ndi mbiri imeneyo.

Anzathu anaona msanga kuti thanki payokha si kanthu. Kuyambira 2009, Kenya, Tanzania, Uganda, Ethiopia ndi Burkina Faso analowa m'ntchito yothandizidwa ndi dziko la Netherlands kudzera ku Hivos ndi SNV, imene inayamba ndi kuphunzitsa amisiri a m'madera momwemo, kuwathandiza kutsegula makampani awo, ndi kuyendera matanki akamangidwa. Matanki zikwizikwi anamangidwa. Ku Rwanda ndende zakhala zikuphikira gasi wochokera m'zimbudzi zawo kuyambira zaka za m'ma 2000. Ku Bronkhorstspruit, ku South Africa, ndowe za ng'ombe zonenepetsa ndi zinyalala zina zinayamba kupanga magetsi mu 2015, ndipo wogula anali fakitale ya BMW ya ku Rosslyn. Kumeneko wogula anasayina kaye, ndalama zomangira zinatsatira.

Ife wogula tili naye, ndipo wamkulu ndi boma lomwe. Sukulu zogonera, ndende ndi zipatala zimagula nkhuni pamalole ndi ndalama za msonkho wathu. Boma likumanga wootcha makala kwinaku makhitchini ake akumeza mitengo. Ndende ya Mulanje inaonetsa kale kuti bayogasi amaphika chakudya cha anthu ochuluka, ndipo pamsika wa Tsangano ku Ntcheu a yunivesite ya MUST anamanga thanki yodya zotsalira za masamba. Tidzakhala tikuonetsana zitsanzo mpaka liti? Lamulani kuti sukulu yogonera iliyonse yatsopano imangidwe ndi thanki yake, ndipo alimi oyandikana nayo azigulitsako ndowe pamtengo wodziwika, monga timagulitsira mkaka pa lita.

Wogula wachiwiri ndi ife eni. Magulu a alimi a mkaka ali kale ndi malo amene aliyense amafikako m'mawa ndi chigubu chake. Magetsi akathima, thanki yoziziritsira imaima, mkaka umasasa, kampani imaukana, ndipo mlimi amene anadzuka mbandakucha kukamweta nsenjere amabwerera chimanjamanja. Jenereta ya dizilo imadya phindu lonse. Jenereta yoyendera bayogasi ilipo padziko pano, ndipo ndowe zili pamtunda woyenda ndi wilibala. Gululo limalipira alimi mwezi ndi mwezi, choncho ngongole ya thanki ingathe kudulidwa pa ndalama za mkaka popanda wina kuthamangitsana ndi mnzake. Chikusowa ndi thumba loyambira. Pa lita iliyonse ya mafuta timalipira msonkho wa MAREP wopititsa magetsi kumidzi. Kodi kagawo kake sikangafike kuno?

Mwina mudzati za manyowa n'za anzanu a zaulimi. Kukankhirana kumeneku n'kumene kwatipha. Kuyambira 2005 ndi makuponi a FISP, kenako AIP mu 2020, dziko lakhala likuthira mabiliyoni ku feteleza wogula ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la makilogalamu 50 linathawa m'manja mwa mlimi wamba. Alimi sanadikire ofesi, anayamba okha kupanga manyowa a Mbeya posakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Manyowa otuluka m'thanki, atawumitsidwa n'kuikidwa m'matumba okhala ndi chidindo cha MBS, angagulidwe ndi alimi a tomato ndi kabichi, ndipo ndalama imeneyo ingathandize kubweza ngongole ya thanki. Koma alangizi a ziweto amati gasi si wawo, a zamphamvu amati ndowe si zawo.

Sindikunena kuti bayogasi adzaphikira Malawi yense. Wopanda ziweto sangapindule mwachindunji, kumene madzi ali kutali thanki imavuta, ndipo mu Juni kuno kukazizira gasi amachepa. Koma boma litalonjeza mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020, chitetezo mbaula chinafika m'midzi yambiri chifukwa panali ophunzitsa, oumba ndi ogulitsa. Tikupempha khama lomwelo. TEVETA iphunzitse amisiri a matanki n'kuwapatsa masatifiketi. MERA inene momveka njira imene gulu la alimi lingagulitsire gasi kapena magetsi kwa oyandikana nalo popanda kuyenda maulendo a ku Lilongwe. Ndipo wina awerenge matanki onse amene anamangidwa m'dziko muno, atiuze angati akuyaka lero.

Bajeti ina ikubwera, a Nduna. Tikufuna kuonamo mzere wa bayogasi wokhala ndi chiwerengero cha ndalama pambali pake, ndi dzina la ofesi imene tingakagogode thanki ikafa.

Ine wanu,
Mlimi wa ng'ombe za mkaka,
Thyolo