Tisiye Kupereka Malikisi kwa Kompyuta

Chaka chatha ndinapemphedwa kukathandiza kuchonga ntchito zomaliza za ophunzira utolankhani pa koleji ina kuno ku Malawi. Wophunzira aliyense ankayenera kupanga kanema wamfupi kapena pulogalamu ya pawailesi, kenako n'kulemba lipoti lofotokoza mmene anagwiritsira ntchito zipangizo zamakono m'magawo anayi: pofufuza, pokonzekera, popanga, ndi pounika zimene wapanga. Gawo lililonse linali ndi malikisi ake. Ndinabwerako mtima ukuwawa, ndipo lero ndinene poyera: kachongedwe kotere kakupha utolankhani usanabadwe.

Ophunzira awiri anasankha mutu umodzi, kuphwa kwa nyanja ya Chilwa. Woyamba, mnyamata, anabweretsa lipoti lonenepa ndi mayina: Google Forms, Canva, Premiere Pro, Facebook, ngakhale kandege kojambula ali m'mwamba kamene anabwereka. Zithunzi zake zinali zokongola, sindikana. Koma m'kanema yense munalibe msodzi ndi mmodzi yemwe amene analankhula mpaka kumaliza ganizo lake. Wachiwiri, mtsikana, anapita ku Kachulu ndi foni yosweka galasi, nakhala kumeneko masiku anayi. Anajambula mawu a amayi owamba matemba. Agogo ena anamufotokozera za 1995, pamene nyanja inauma mabwato n'kutsala pamatope, nayerekeza ndi za 2018. Mawuwo anawalumikiza ndi Audacity, pulogalamu yaulere, pa laputopu ya mnzake. Lipoti lake linali lalifupi chifukwa analibe mayina ambiri otchula. Mwadziwa kale amene anapambana.

Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiyende m'magawo anayiwo tione chimene tikulipira.

Pofufuza, timayamikira wophunzira amene watumiza mafunso pa intaneti. Kodi amayankha ndani? Amayankha amene ali ndi foni yamakono, bandulo, ndi Chingerezi. Kunena mosapsatira, amayankha anzake a m'kalasi, azibale ake a m'tauni, ndi gulu la WhatsApp la kutchalitchi. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa Amalawi 10 alionse, oposa 8 amakhala kumudzi. Tikalola mwana kulemba kuti "anthu akuganiza zakutizakuti" atafunsa okhawo amene linki yawafika, tamuphunzitsa bodza, ndipo tamupatsa malikisi chifukwa bodzalo labwera ndi tchati chamitundumitundu.

Pokonzekera, timafuna umboni wa pa intaneti: mapulani a pa Google Docs, zithunzi zosanjidwa bwino, zonse zotumizidwa pa nthawi yake. Pepala lochongerali likuoneka kuti linalembedwera sukulu za kumene magetsi sazima. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022: miyezi yambirimbiri ya mdima. Wophunzira wokhala kwa makolo a jenereta anapitiriza ntchito. Wokhala m'kachipinda ka lendi ankayenda ndi tchaja m'thumba kusaka soketi yamoyo. Tikamachonga kuchuluka kwa zimene zakwezedwa pa intaneti, tikuchonga matumba a makolo.

Choipa koposa chimachitika popanga. Mapulogalamu ambiri olumikizira kanema amatha kumva Chingerezi n'kulemba okha mawu pansi pa chithunzi. Apatseni Chichewa, amalemba zopanda mutu. Apatseni Chilomwe kapena Chiyao, zimene zimamveka m'midzi yozungulira Chilwa, amasokonekeratu. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma ipatseni mawu a agogo odzala ndi miyambi, muona mmene imawapotozera. Ndiye wophunzira wothamangitsana ndi tsiku lomaliza amatani? Amasankha wolankhula amene makina amumva: bwana wa ku boma, mkulu wa bungwe, katswiri wa ku yunivesite. Mayi wowamba nsomba amasanduka chithunzi chodutsa, nyimbo ikulira pamwamba pa mawu ake. Apa chida chasankha yekha woyenera kulankhula, ndipo ife tasainira. Mwana wotere akadzalowa ntchito adzachita zomwezo, chifukwa ndi zimene zinamupatsa digiri.

Pounika ndiye pamachititsa manyazi. Wophunzira amaika kanema pa Facebook, amapempha anzake kuti adinde chala, kenako amajambula chiwerengerocho n'kuchimata mu lipoti. "Zabwino kwambiri, pitiriza!" Kumeneko si kuunika, n'kusisitana msana.

Ndikudziwa chimene ena anene. Ati dziko lasintha, olemba ntchito akufuna achinyamata odziwa makina, ndipo amene akudandaula ngati ine akulira taipi ya makedzana. Mbali ina akunena zoona. Zodiak, Times ndi MBC onse amaulutsa nkhani pa Facebook, ndipo mtolankhani wa lero amajambula, kulumikiza ndi kutumiza nkhani pa foni imodzi. Wophunzira wotuluka m'koleji osadziwa zimenezi tamulakwira. Ine sindikuti zipangizo zichoke. Ndikuti zigwire ntchito kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma tizifunse funso lina. Kudina mabatani a Premiere Pro munthu amaphunzira m'masabata ochepa, ndipo mawa kubwera pulogalamu ina. Kukhala pansi pa mtengo, kudekha mpaka munthu wamkulu akukhulupirire n'kutsegula pakamwa, kumeneko ndi kumene koleji iyenera kusula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipotu mtsikana uja anagwiritsa ntchito luso lamakono kuposa mnzakeyo, kungoti pepala lathu linalibe maso. Asananyamuke, ankatumizirana mauthenga a mawu pa WhatsApp ndi mwana wa mmodzi wa amayiwo, chifukwa kulemba kukanawasiya ena kunja. Asanafunse funso lililonse, ankajambula chilolezo cha munthuyo m'chilankhulo chake, atamuuza kumene mawu ake akamveke. Chithunzi china chimene chinkazungulira pa intaneti monga cha Chilwa anachifufuza gwero lake, napeza kuti si cha kuno, nachitaya. Usiku uliwonse ankasunga zojambula zake pa memori yachiwiri. Zonsezi ndi luso lamakono. Palibe chimodzi mwa izo chimene chimanyezimira.

Choncho pempho langa kwa okonza maphunziro ndi ili. Fufutani funso lakuti "wagwiritsa ntchito zipangizo zingati?" M'malo mwake lembani kuti: chida ichi chakufikitsa kwa ndani amene ukanalephera kumufikira? Chakuthandiza kutsimikiza chiyani? Chasiya ndani kunja, ndipo iwe unachitapo chiyani? Perekani malikisi kwa amene walemba yekha mawu a Chichewa pansi pa kanema, ngakhale zimutengere usiku wonse. Lolani pulani yolembedwa m'kope ndi kujambulidwa pa foni. Ndipo lamulani kuti ntchito iliyonse ibwerere kwa eni nkhani isanafike kwa wochonga.

Mtsikana uja anachita zimenezo popanda womutuma. Anabwerera ku Kachulu, nalumikiza foni ku kasipika, amayi aja n'kumvetsera pulogalamu yonse. Mmodzi anamuimitsa pakati n'kumuuza kuti wasokoneza mayina a misampha iwiri ya nsomba, ndipo wina anadandaula kuti nkhani ya kukwera mtengo kwa nkhuni zowambira waidula msanga. Anakonza zonse ziwiri asanapereke ntchito. Pa pepala lathu lochongera panalibe mzere wolembapo zimenezo. Ndinasaka, sindinaupeze, ndipo ndinasainira malikisi amene ndinkadziwa kuti ndi olakwika. Chaka chino akandiitananso, ndikafika ndi pepala lina m'manja, ndipo akalikana, cholembera changa sichidzagwira ntchito.