Mpira umatha, cholembera chimatsala

Amene mumaonera masewero a ku America pa kanema kapena pa foni mudaonapo izi. Masewero angotha kumene, wosewera wachinyamata wachikuda thukuta lili kamukamu, mtolankhani wamulozetsa maikolofoni. Mawu ake oyamba amakhala othokoza Mulungu, kenako mayi ake, kenako mphunzitsi wa timu. Ambiri mwa achinyamata amenewa sadafike pokhala akatswiri a m'maligi akuluakulu. Ndi ophunzira a m'mayunivesite omwe akuphunzira mosalipira chifukwa cha luso lawo pabwalo.

Kuthokoza Mulungu pagulu nkwabwino ndithu. Koma funso langa sabata ino ndi lakuti, kuthokoza kumeneku kumathera pa maikolofoni pomwepo kapena kumabala chipatso china mpira ukadzatha?

Tiyambe tamvetsa momwe zinthu zimayendera kumeneko. Mayunivesite a ku America ali ndi matimu amphamvu kwambiri moti bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000. Bungwe lotchedwa NCAA ndi lomwe limayendetsa masewero a ophunzirawa. Mnyamata kapena mtsikana waluso amatha kulipiriridwa fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku kuti azisewerera yunivesiteyo. Kwa mabanja ambiri achikuda omwe sakadakwanitsa fizi, limeneli ndilo khomo lolowera kuyunivesite.

Koma walira mvula walira matope. Malamulo a NCAA amalola timu kutenga maola 20 pa sabata a wophunzira nyengo ya masewero ikafika, osawerengera nthawi ya maulendo. Ndipo bungwe lomweli limanena poyera kuti mwa osewera 100 alionse a m'mayunivesite, omwe amadzakhala akatswiri olipidwa safika ngakhale awiri. Ena onsewo tsiku limafika loti avule yunifomu nkuyamba kusaka ntchito ngati wina aliyense. Amene adanyozera kalasi amatuluka manja ali m'khosi.

Mayi wina dzina lake Robin Roberts adaliona tsiku limeneli lisadafike. Iye adabadwa mchaka cha 1960 ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama ndipo adakulira m'tauni yaing'ono ya Pass Christian ku Mississippi. Bambo ake, a Lawrence Roberts, adali m'gulu la Tuskegee Airmen, anthu achikuda oyamba kuphunzitsidwa kuyendetsa ndege zankhondo m'gulu la asilikali a America, pa nthawi yomwe azungu ambiri ankati munthu wakuda sangathe ntchito yotere. Mayi ake, a Lucimarian, adali mayi wopemphera komanso woimba piyano. Robin adali womaliza mwa ana anayi ndipo adakula akudziwa khomo la tchalitchi.

Mtsikanayu adakula pa nthawi yabwino. Mchaka cha 1972 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala ophunzira potengera kuti ndi aakazi kapena aamuna. Lamuloli lidatsegulira atsikana mabwalo a masewero omwe kale adali a anyamata okha. Robin adamaliza sekondale mu 1979 ali wachiwiri m'kalasi mwake, nkupita ku Southeastern Louisiana University m'tauni ya Hammond komwe adasewera basiketibolo zaka zinayi. Adagoletsa mapointi 1,446, ndipo mpaka lero amatchulidwa pakati pa osewera otchuka a yunivesiteyo.

Tsono taonani chomwe chidamudikira. Pomwe ankamaliza maphunziro mu 1983, ku America kudalibe ligi ya basiketibolo ya amayi yoti munthu nkudyerapo. Yomwe idalipo idagwa mu 1981, ndipo WNBA yomwe tikuimva lero idayamba masewero ake mu 1997. Akadakhala kuti adaika mtima wake wonse pa mpira basi, mapointi onse aja akadangokhala nkhani yofotokozera adzukulu.

Iye sadadikire kuti mpira umusiye. Akadali wophunzira, ankagwirako ntchito pa wailesi ina yaing'ono ya m'tauni ya Hammond, kuphunzira kulankhula pa maikolofoni ndi kulemba nkhani za masewero. Digiri yake ya zofalitsa nkhani adaikhoza bwino kwambiri. Atamaliza adayambira pansi, pa kanema waung'ono wa WDAM ku Hattiesburg, malipiro ake ochepa. Kuchoka apo adapita ku Biloxi, kenako Nashville, kenako Atlanta. Mu 1990 adalembedwa ntchito ku ESPN, kanema wamkulu wa zamasewero, ndipo mu 2005 adakhala mmodzi mwa oulutsa akuluakulu a pulogalamu ya m'mawa ya Good Morning America pa kanema wa ABC. Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha.

Mwina wina afunsa kuti, nanga chapadera nchiyani kuti wosewera wachikuda akhale mtolankhani? Chapadera chilipo. Kwa zaka zambiri ku America munthu wakuda ankaloledwa kuthamanga ndi kudumpha, koma cholembera chinkakhala m'manja mwa wina. Nkhani yake inkalembedwa ndi anthu omwe sadakhalepo m'nyumba ngati yake. Pomwe amaletsedwa ngakhale kusewera kumene, olemba ambiri ankangokhala chete.

Wendell Smith ndi chitsanzo cha zomwe cholembera chingachite. Iye adali katswiri woponya mpira m'masewero a baseball ali mnyamata ku Detroit, koma maligi akuluakulu sankalola anthu akuda. M'malo mokhala pansi nkumalira, adakaphunzira ku West Virginia State College ndipo mu 1937 adayamba ntchito ku nyuzipepala ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier. Adalemba mosatopa kudzudzula tsankho m'masewerowa. Ndi iye amene adatchula dzina la Jackie Robinson kwa Branch Rickey, mkulu wa timu ya Brooklyn Dodgers, ndipo ankayenda naye Robinson m'maulendo pa nthawi yomwe mahotela ambiri ankakana kugoneka munthu wakuda. Pa 15 April 1947 Robinson adasewera masewero ake oyamba mu Dodgers, mpanda wa tsankho nkugumuka. Khomo lomwe Smith adatsekeredwa ndi mpira m'manja adalitsegulira ena ndi cholembera.

Tibwerere kwa Robin Roberts, chifukwa chikhulupiriro cha munthu chimaoneka bwino zinthu zikathina. Mu August 2005, patangopita miyezi yochepa atakwezedwa pantchito, namondwe wotchedwa Katrina adasakaza gombe la Mississippi, kuphatikizapo tauni yakwawo ya Pass Christian. Iye adatumidwa kukaulutsa za ngoziyo abale ake ali komweko, ndipo adagwetsa misozi pa kanema dziko lonse likuona. Pambuyo pake adagwiritsa ntchito pulogalamu yake kukopa anthu kuti athandize kumanganso tauniyo.

Mu 2007 adapezeka ndi khansa ya m'mawere. Akadatha kubisa, koma adauza oonera ndipo adalimbikitsa amayi kukayezetsa msanga. Mu 2012 adapezekanso ndi matenda otchedwa MDS, omwe amalepheretsa mafuta a m'mafupa kupanga magazi abwino. Mankhwala ake adali kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina ogwirizana ndi thupi lake. Mkulu wake, Sally-Ann, yemwenso pa nthawiyo adali mtolankhani wa pa kanema ku New Orleans, ndiye adapereka. Mayi awo adamwalira kumapeto kwa August chaka chomwecho, kutangotsala masabata atatu kuti Robin alandire thandizoli. Adabwerera pantchito mu February 2013.

Apa ndi pomwe pagona phunziro. Robin adali ndi mwayi kuti m'bale wake adagwirizana naye. Odwala ambiri alibe mwayi wotere, ndipo anthu akuda ku America amavutika kwambiri kupeza wowapatsa chifukwa ndi ochepa omwe adalembetsa m'kaundula wa opereka. Iye sadangonena kuti Mulungu wandichitira zazikulu nkukhala chete. Adalankhula za vutoli mobwerezabwereza pa kanema, ndipo anthu ochuluka adakalembetsa m'kaundulamo. Kuthokoza kwake kudasanduka moyo wa odwala ena omwe sadawaonepo nkomwe.

Ife Akhristu timaidziwa nkhani ya akhate khumi ya pa Luka 17, momwe mmodzi yekha adabwerera kudzathokoza. Timaidziwanso ya matalente pa Mateyo 25, momwe wantchito wina adakwirira chuma cha mbuye wake. Nkhani ziwirizi nzofunika kuziwerengera pamodzi. Kubwerera kudzathokoza ndi chiyambi chabe. Chomwe wachita ndi mphatso yomwe ukuthokozerayo ndiye umboni wake.

Pali chinthu china chomwe sitiyenera kuchilambalala. Mawu akuti uzithokoza amatha kugwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa. Kwa zaka zambiri mayunivesite a ku America ankapanga ndalama zankhaninkhani kuchokera ku makanema ndi matikiti, aphunzitsi a matimu ena nkumalandira mamiliyoni a madola pachaka, pomwe osewera, ambiri mwa iwo achikuda, ankaletsedwa kulandira ngakhale ndalama yotsatsira malonda ndi dzina lawo lomwe. Akadandaula ankauzidwa kuti athokoze poti akuphunzira ulere. Zidatengera osewera olimba mtima, maloya ndi atolankhani ofunsa mafunso ovuta kuti zinthu zisinthe. Mu June 2021 khoti lalikulu la America lidagamula mlandu mokomera osewera, majaji onse asanu ndi anayi atagwirizana, ndipo kuyambira pa 1 July chaka chomwecho NCAA idalola ophunzira kupeza ndalama kudzera m'maina ndi zithunzi zawo.

Choncho wophunzira wopemphera amene akulakalaka utolankhani adziwe kuti kuyamika ndi kufunsa si adani. Ungathe kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwayi womwe wapeza, nkufunsabe kuti nanga mnzanga uja wathyoka bondo amusamala ndani. Mtolankhani yemwe ntchito yake nkuombera m'manja akuluakulu basi ndi wokuza mawu chabe. Ndipo chikhulupiriro choona chiyenera kumuthandiza pantchitoyi, chifukwa woopa Mulungu salemba bodza ndiponso salandira kenakake m'thumba kuti akwirire nkhani.

Chenjezo lina tilitenge kwa James Brown, osati woimba uja, koma muulutsi wa zamasewero pa kanema wa CBS. Iye adali katswiri wa basiketibolo ku Harvard ndipo atamaliza mu 1973 timu ya Atlanta Hawks idamusankha, koma idamuchotsa asadasewere ligi. Mwini wake wakhala akunena poyera kuti adalekerera, sadalimbikire monga ankachitira ali kusekondale. Chidamupulumutsa ndi digiri yake. Adakagwira ntchito kukampani ya Xerox, kenako nkulowa m'zoulutsa mawu, ndipo lero ndi mmodzi mwa oulutsa olemekezeka, komanso ndi mtumiki wa Mulungu wodzozedwa. Pemphero silidamulowetse mu Hawks. Lidamuthandiza kudzuka ndi kugwiritsa ntchito chomwe chidatsala m'manja mwake.

Nanga ife kuno zikutikhudza bwanji? Kuno kulibe yunivesite yodzaza bwalo ndi anthu 100,000, koma maloto omwewo alipo. Chichitireni Temwa Chawinga zodabwitsa ku Kansas City Current, kugoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, atsikana ambiri m'sukulu zathu za kumudzi akuona mpira ndi maso ena. Izi nzosangalatsa. Koma monga mphunzitsi ndimaona momwe mwana waluso pabwalo amayambira kujomba m'kalasi anthu akangoyamba kumuimbira m'manja. Timamutamanda Loweruka, koma palibe womufunsa za homuweki Lolemba. Akadzavulala, oimba m'manja aja sapezekanso.

Inu ana anga osewera mpira, wamiyendo kaya wamanja, kumbukirani kuti satifiketi ya MSCE situluka popanda kukhoza Chingerezi, ndipo sukulu zophunzitsa utolankhani monga Malawi Institute of Journalism ndi MUBAS zimayamba zaona satifiketiyo zisadamve za zigoli zanu. Koma musadikire kufika kumeneko kuti muyambe. Timu ya sukulu yanu ikasewera, lembani zomwe zachitika m'kope: wagoletsa ndani, mphindi yanji, mphunzitsi wa timu yogonja wati chiyani. Kawerengeni pa asembule. Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, pakuti wailesi za m'madera zikufuna anthu odziwa kulankhula chiyankhulo cha kwawo bwinobwino. Inu mumaudziwa mpira kuchokera m'kati, mumadziwa kuwawa kwa kusewera opanda nsapato pa bwalo la miyala. Zimenezo mlendo sangazilembe momwe mungazilembere inu.

Aphunzitsi anzanga oyang'anira masewero, tisamangofuna zikho. Mwana amene timamudalira pabwalo tizimuyang'aniranso malikisi ake. Inunso makolo, musathyole mwendo wa mwana ndi mawu akuti mpira ngwa anthu osaphunzira, komanso musamulole kusiya buku chifukwa wagoletsa kawiri. Ndipo inu abusa ndi atsogoleri a mipingo, mwana akabwera kudzapereka umboni kuti timu yake yapambana, muthokoze naye limodzi, mukatero mumufunse kuti mayeso akukonzekera bwanji.

Miyendo ili ndi zaka zake zowerengeka, ndipo bondo silichenjeza tsiku lomwe lidzakane. Robin Roberts adasewerera yunivesite yake zaka zinayi zokha, koma wagwira maikolofoni zaka zoposa 40. Mwana amene akuloza kumwamba akagoletsa, timuthandize kuti dzanja lomwelo lizolowerenso kugwira cholembera.