Kulemera kwa Chipale pa Denga

Pa 2 January 2006, m'tauni ya Bad Reichenhall ku Germany, denga la nyumba ya masewera otsetsereka pa madzi oundana linagwa nilipha anthu 15, ndipo 12 mwa iwo anali ana. Pa 28 mwezi womwewo denga lina linagwera anthu pa chionetsero cha nkhunda ku Katowice, m'dziko la Poland, ndipo anafa 65. Madenga onse awiri anali atasenza chipale chofewa, chija chimagwa ngati ufa m'maiko ozizira.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti denga lalemedwa? Ambiri amangoyang'ana msinkhu wa chipale, koma maso amanyenga. Chipale chongogwa kumene nchopepuka. Chikaunjikana masentimita 50, chimalemera makilogalamu ngati 50 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe. Chonyowa cha msinkhu womwewo chingathe kufika makilogalamu 200, ndipo madzi oundana amapyola 400. Tsono njira yoona ndiyo kudula chipale pa malo oyesedwa bwino, kuyambira pamwamba kufikira pa denga penipeni, ndi kuchiika pa sikelo. Woyesayo ayenera kutero m'malo angapo, pakuti mphepo imachikundika mbali imodzi.

Komatu sikelo payokha siikwanira. Ku Bad Reichenhall chipale chinayesedwa tsiku lomwelo, ndipo sichinapose muyeso umene dengalo linayenera kupirira. Ofufuza anapeza pambuyo pake kuti chinyezi cha zaka zoposa 30 chinaononga guluu wolumikiza mitanda ya matabwa, ndiponso kuti m'masamu a omanga munali zolakwa. Mphamvu yolembedwa pa pepala inali itasiyana kale ndi mphamvu yeniyeni ya dengalo.

Ife tikuti wosunga nyumba ya anthu ambiri ayenera kudziwa zinthu ziwiri: katundu ali pa denga, ndi katundu amene dengalo lingathe kusenza lero lino. Wodziwa chimodzi chokha akuyenda mumdima.

Kwathu kuno chipale sichigwa, koma chinyezi ndi chiswe zimadya mitanda mwakachetechete chimodzimodzi. Inu aphunzitsi ndi antchito a Boma amene munapatsidwa sukulu ndi maofesi kuti muzisamale, kwezani maso. Mukaona mtanda wawerama kapena denga likudontha, dziwitsani akulu a zomangamanga msanga, ana asanalowe m'kalasi.