Musataye Citsime ca Makolo

Alimi anzanga, m'midzi yambiri mjigo ukangofika citsime cakale ciiwalika. Mpanda ugwa, ng'ombe zipondaponda pakamwa pace, ndipo ana aponyamo zinyalala. Ine nditi kutero ndi kulakwa. Tamvani zimene anacita anthu a dziko la France ndi malo ao akale a madzi.

Nthenda ya kolera inapha anthu ambirimbiri kumeneko mu 1832 ndi mu 1849. Tsono mu 1851 Boma lao linapatula mafranki 600,000 kuthandiza mizinda ndi midzi kumanga malo osambirako ndi ocapirako zobvala. Midzi inamanga thamanda la miyala pafupi ndi kasupe, nilifolera denga. Nzeru yaikuru inali pa kayendedwe ka madzi. M'midzi yambiri madzi anayamba kuturuka potungira akumwa, natsikira pomwera ng'ombe, ndipo potsiriza pace anafika pocapira. Madzi a litsiro sanabwerere kwa akumwa. Akazi anagwada m'timabokosi toyalamo udzu, namenya nsaru ndi kathabwa, ndipo mbiri za mudzi zinamveka pamenepo, monga zimvekera pa citsime cathu. Mwamuna woyesa kuti nkhani zonse zithera pabwalo la mfumu adzinyenga yekha.

Makina ocapira atalowa m'nyumba m'zaka za 1950 ndi 1960, akazi analeka kupitako. Koma midzi yambiri sinagumule malowo, ndipo kufikira lero ikonzabe madenga ace.

Iwo asunga malowo kuti akumbukire makolo ao. Ife tiri naco cifukwa coposa cimeneco. Mjigo uthyoka, ndipo zitsulo zace zicedwa kufika. Nanga tsiku limenelo mudzatunga kuti? Agogo anu sanakumbe citsime mwacisawawa m'mphepete mwa dambo; anayamba aona kumene madzi atsala mwezi wa Okutobala, dzuwa litaumitsa mitsinje.

Cifukwa cace pemphani anyakwawa aitane mudzi wonse cilimwe cino. Kapani matope, mangani pakamwa ndi njerwa kufikira m'cuuno, bvundikiranipo, nimuzinge mpanda woletsa zoweta. Mwala wocapirapo muuike kumunsi, ndi ngalande yotaya madzi a sopo kutali. Cimbudzi cikhalenso kumunsi, mamita 30 kapena kuposa. Madzi akumwa a m'citsimemo muziwaphitsa kapena kuthiramo klorini, makamaka nyengo ya dzinja.