Nkhani Iyankhidwe ndi Nkhani

Mayi Suzanne Moore, mtolankhani wa ku Britain amene analandira mphotho ya Orwell mu 2019, anasiya kulembera nyuzipepala ya The Guardian mu Novembala 2020. Mu Malichi chaka chomwecho, iwo analemba kuti ukazi ndi wachibadwa, suchokera m'maganizo a munthu. Pamenepo anzawo apantchito 338 anasaina kalata yodandaula kuti nkhani zotere zikunyoza anthu amene amadziona kuti ndi akazi kapena amuna mosiyana ndi mmene anabadwira.

Dandaulo limeneli ndi loyenera kulimva, pakuti cholembera chimalasa. Komabe bwalo limene wina wachokapo mkangano usanathe silinaweruze kanthu. Wotsutsa atenge cholembera, ayankhe poyera ndiponso mwaulemu, kuti awerengi amve mbali zonse ndi kudziweruzira okha.