NKHALANGO ZA KU MZUZU ZIKUFUNA OYENDAMO

Mzinda wa Mzuzu, likulu la Chigawo cha Kumpoto, unamangidwa pakati pa mapiri ndi nkhalango. Chakum'mawa kwake kuli nkhalango ya Kaning'ina, chakum'mwera kuli mapiri a Viphya pamodzi ndi nkhalango ya Chikangawa, ndipo munthu akatsetsereka ndi msewu mtunda wa makilomita pafupifupi 50 amakafika ku nyanja pa Nkhata Bay. Mizinda yodalitsika chotere ndi yowerengeka. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri okhala mumzindawu, kuphatikizapo ogwira ntchito m'Boma amene anatumizidwa kumeneku zaka zambiri zapitazo, sanapondemo m'nkhalango zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Amangoziona pa zenera la basi popita ku Lilongwe ndi pobwerako.

Wina akhoza kunena kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, popeza kuyenda m'mapiri ndi masewera a alendo ochokera kunja. Maganizo otere ndi olakwika. Nkhalango siikhala yopanda anthu. Ngati nzika zomvera malamulo siziyendamo masana, amayendamo ndi ocheka matabwa mwakuba, ootcha makala ndi osaka nyama amene amasiya moto m'mbuyo mwawo. Anthu oterewa amakonda malo amene kulibe maso owaona. Choncho funso la njira zoyendamo anthu m'nkhalango ndi funso lomwelo la amene adzakhale mwini wa nkhalangozo.

Chinthu choyamba chimene chili pa ngozi ndi madzi. Madzi amene amatuluka m'mipopi ya ku Katoto, Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa amachokera kwakukulu ku damu la pa mtsinje wa Lunyangwa, ndipo mtsinjewu umayambira m'nkhalango ya Kaning'ina. Mvula ikagwa pa mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala zowolerana pansi zimaigwira, ndipo madziwo amalowa m'nthaka n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mitengo ikatha, mvula yomweyo imathamanga pamwamba pa nthaka itanyamula matope ndi mchenga, n'kukazikhuthulira m'damu. Damu lodzaza matope limasunga madzi ochepa, ndipo madzi ake amafuna mankhwala ambiri kuti ayere. Ndalama za mankhwalawo amalipira ndi munthu wamba pa bilu yake ya mwezi ndi mwezi.

Pa kalembera wa 1977 mu Mzuzu munali anthu pafupifupi 16,000. Malowa anapatsidwa ulemu wokhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu anali atapitirira 220,000. Makomo onsewa amafuna madzi, komanso ambiri a iwo amaphikira makala ndi nkhuni. Motero nkhalango imodzi yomweyo ikukokedwa mbali ziwiri ndi anthu amodzimodzi. Ku Lilongwe zinthu zinafika poipa kotero kuti mu 2015 Boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a likulu la dziko. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mzuzu usadikire kuti uphunzire mwambi umenewu ndi mipopi youma.

Phunziro lachiwiri lili ku Chikangawa. Ntchito yaikulu yobzala mitengo ya paini pa mapiri a Viphya inakula kuyambira mu 1964, ndipo inafika pa mahekitala pafupifupi 53,000, kukhala imodzi mwa nkhalango zazikulu kwambiri zobzalidwa ndi manja a anthu mu Africa. Cholinga chinali chakuti mitengoyo idzadyetse fakitale ya mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo mitengo inasanduka ya matabwa. M'zaka zotsatira, kudula kopanda kubwezera pamodzi ndi moto wa chaka ndi chaka zinasiya mapiri ambiri ali mbee. Amene anadutsa msewu wa M1 kale, pamene mitengo inkatchinga dzuwa mbali zonse ziwiri, amadziwa kukula kwa chimene chinatayika. Ntchito yobzalanso ilipo, koma paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime, pamene moto umamutha m'tsiku limodzi. Chuma chimene anthu oyandikana nacho sakuchiona ngati chawo n'chovuta kuchisunga, ngakhale alonda atachuluka bwanji.

Komabe zokongola za dera lino sizinathe. Woyenda pa mapiri a Viphya amaona Mwala wa Njovu, thanthwe lalikulu looneka ngati njovu, limene limaonekera ngakhale pa msewu. M'zigwa zake mudakali timagulu ta nkhalango zachilengedwe zobiriwira chaka chonse, mmene mumakhala anchima, mbawala, agwape ndi mbalame zamitundumitundu. M'mawa wa mwezi wa Juni nkhungu imadzaza zigwa, nsonga za mapiri zokha n'kumaoneka ngati zilumba. Ku Luwawa kuli damu pakati pa nkhalango, ndipo kuchokera kumeneko ilipo njira ya pansi ya masiku angapo yotsikira ku nyanja cha ku Chintheche, yodutsa m'misuku, m'mitsinje ndi m'midzi.

Kumpoto kwa mzindawu kuli Nyika, malo oyamba m'dziko muno kukhazikitsidwa kukhala paki yosungirako zachilengedwe mu 1965, amene anakuzidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Phiri la Nganda, lalitali koposa kumeneko, limapitirira mamita 2,600. Kuli mbidzi, ntchefu ndi chilembwe, komanso mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid amene amachita maluwa nthawi ya dzinja. Kuchokera pa Chelinda munthu amayenda pansi masiku atatu kukafika ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894. Pafupi pomwepo pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu amati makolo ankabisalamo pothawa nkhondo za makedzana.

Vuto la malo otchukawa n'lakuti ali kutali, ndipo kukafikako kumalira galimoto yolimba ndi thumba lolemera. Mphunzitsi wa pulayimale wa ku Zolozolo kapena kalaliki wa ku ofesi ya Boma sangathe kutenga banja lake kupita ku Chelinda pa malipiro ake. N'chifukwa chake mbiri ya malowa imadziwika bwino ku London ndi ku Johannesburg kuposa ku Chiputula. Chimene Mzuzu ukusowa ndi njira zazifupi zoyambira m'mphepete mwa mzinda momwemo, za maola awiri kapena anayi, zimene munthu angayende Loweruka m'mawa n'kubwerera kudzadya nsima ya masana pakhomo pake. Njira zotere sizilira simenti kapena makina. Zimalira makasu, zikwanje, zikwangwani zolozera, timilatho ta mitengo pa mitsinje, ndi anthu ozisamalira. Tinjira tambiri tilipo kale, topondedwa ndi amayi otola nkhuni, bowa ndi masuku. Chatsala ndi kusankha toyenera, kutilemba pa mapu ndi kutiikira malamulo.

Chitsanzo sichili kunja kwa dziko. Pa phiri la Mulanje pali njira zodziwika ndi maina awo, tinyumba togonamo oyenda, ndiponso achinyamata a m'midzi yozungulira amene amapeza ndalama polondolera alendo ndi kuwanyamulira katundu kuyambira pa Likhubula mpaka pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Ndi zoona kuti Mulanje nayenso ali ndi mabala ake, pakuti mkungudza wake unadulidwa pafupifupi kutheratu. Izi zikuphunzitsa kuti njira pazokha sizikwanira popanda lamulo lolimba. Koma zikuonetsanso kuti mnyamata wa kumudzi akhoza kudya za phiri popanda kugwira nkhwangwa.

Njira yosamalidwa bwino imateteza nkhalango motere. Choyamba, imabweretsa maso. Uvuni wa makala umafuka utsi masiku angapo, ndipo sungabisike pamalo pamene ana a sukulu ndi aphunzitsi awo amadutsa mlungu uliwonse. Chachiwiri, njira yolambulidwa chaka ndi chaka imathandiza kudukiza moto wa m'chilimwe, ndipo imafupikitsa ulendo wa ozimitsa. Chachitatu, imasintha masamu a munthu wosauka. Mtengo wodulidwa umagulitsidwa kamodzi kokha. Mtengo woimirira, umene mlendo walipira kuti akauone, umagulitsidwa lero, mawa ndi chaka chamawa. Wolondolera alendo, mayi wogulitsa nthochi ndi uchi pa chipata, mlimi wa khofi amene alendo acheza pamunda pake, onsewa amasanduka alonda osalembedwa ntchito, chifukwa moto ukalowa m'nkhalango walowa m'nkhokwe zawo.

Alipo akatswiri amene amaopa kuti kulowetsa anthu m'nkhalango yosunga madzi ndi kuitana zinyalala, moto wa ndudu ndi uve pafupi ndi damu. Mantha amenewa ndi oyenera kuwamvera. Yankho lake ndi dongosolo. Njira zidutse kutali ndi damu ndi akasupe, zipata zolowera zikhale zochepa ndi zodziwika, wolowa aliyense alembetse dzina, magulu aziyenda ndi wolondolera wovomerezeka, ndipo m'miyezi imene udzu wauma kwambiri njira zina zizitsekedwa. Kutseka nkhalango yonse kumangoletsa munthu womvera lamulo, pakuti wakuba sadzera pa chipata.

Ntchitoyi ili ndi eni ake, ndipo mutu umodzi susenza denga. Nthambi ya Boma yoona za nkhalango ndiyo ili ndi mphamvu yololeza njira ndi kuika malire ake. Bungwe la Northern Region Water Board, limene limatunga madzi ku Lunyangwa, liyenera kukhala patsogolo chifukwa phindu la nkhalango yamoyo limayambira kwa ilo. Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu ikonze misewu yofikira pa zipata ndi malo otayako zinyalala. Yunivesite ya Mzuzu, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, imaphunzitsa za nkhalango ndi za kukopa alendo. Ophunzira ake angathe kujambula mapu, kulemba maina a mitengo ndi mbalame m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, ndi kuphunzitsa olondolera alendo. Mafumu a midzi yozungulira afunsidwe kuyambira pachiyambi, ndipo gawo la ndalama zolowera lizifika m'midzi yawo poyera, mowerengeka. Ndalama zikangothera m'maofesi, anthu adzabwerera ku makala ndipo palibe amene adzawadzudzule ndi mtima woyera.

Atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, ali ndi udindo wina woposa pamenepa, ndiwo wa chitsanzo. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Koma lamulo limafooka pamene mkulu amene walankhula bwino pa mwambo wobzala mitengo aimika galimoto ya Boma pa msewu pobwerera, n'kukweza matumba a makala. Anthu amaona zimenezi ndipo saiwala. Nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, isathere pa kujambulitsa zithunzi ndi khasu m'manja. Mkulu wa ofesi atenge antchito ake, mphunzitsi wamkulu atenge ana ake, wapampando atenge komiti yake, abwerere m'mwezi wa Ogasiti kukaona ngati mbande zija zili moyo, ndipo ayende pansi kukafika kumene mtsinje wawo umayambira.

Mwana wa ku Masasa amene wafika pa kasupe wa Lunyangwa n'kuona madzi akutuluka pansi pa mizu ya mitengo sadzafunanso kuuzidwa chifukwa chake nkhalango ya Kaning'ina iyenera kusungidwa. Ntchito yolambula njira yoyamba ingathe kuyamba mvula ikangosiya, ndi zida zimene zilipo kale m'makomo ndi m'maofesi a za nkhalango. Chofunika ndi chakuti maofesi atchulidwawa akhale pansi pamodzi ndi mafumu, asankhe njirayo, ndipo atchule tsiku.